Mabungwe onse aja ku Congo amagawana bwanji ntchito ya zipatala, nanga bwana ndani?

Funso lafika motere: "Ndine clinical officer, ndakhala ndikugwira pa chipatala cha boma kuno kwathu ndipo bungwe lina landitenga kuti ndikagwire ku North Kivu, kum'mawa kwa DR Congo. Pa interview anandifunsa za Health Cluster ndinangoyankha zongopeka. Kodi mabungwe ambirimbiri aja, WHO, UNICEF, MSF, Red Cross, amamvana bwanji kumalo a nkhondo, bwana wawo ndani, nanga ine ndikafika ndizimvera ndani?"

Achimwene, zabwino zonse pa ntchitoyo. Yankho lake bwana mmodzi palibe, ndipo mukalidziwa limeneli musananyamuke simukavutika mtima kwambiri. Pa pepala mwini wa zaumoyo ndi boma la Congo kudzera ku unduna wake, WHO ndi amene amaitanitsa misonkhano ya mabungwe, koma bungwe lililonse pamapeto pake limamvera amene walipatsa ndalama, nde Health Cluster, gulu lomwe mabungwe a zaumoyo amakumaniramo, ilibe mphamvu yolamula munthu kuti iwe choka apa pita uko, imangoika zinthu poyera kuti aliyense aone pamene pali anthu anayi pa ntchito imodzi ndi pamene palibe ndi mmodzi yemwe.

Dongosolo la ma cluster linayamba mu 2005, anthu ataona chisokonezo chomwe chinachitika ku Darfur m'dziko la Sudan ndi malo ena komwe mabungwe ankangothamangira mbali imodzi. Analiyesa koyamba pa chivomezi cha ku Pakistan chaka chomwecho, ndipo Congo inali m'gulu la maiko oyamba kulilandira mu 2006. Ntchito anaigawa m'magulu, zaumoyo amatsogolera a WHO, madzi ndi ukhondo komanso za kunyentchera kwa ana ndi a UNICEF, mayendedwe a katundu ndi ndege za UN zonyamula ogwira ntchito zachithandizo (UNHAS) ndi a WFP, chitetezo cha othawa kwawo ndi a UNHCR, ndipo pamwamba pa zonsezi pali mkulu wa UN wotchedwa Humanitarian Coordinator mothandizidwa ndi OCHA, ofesi ya UN yogwirizanitsa ntchito zachithandizo. Si zachilendo kwa inu izi, nthawi ya Cyclone Freddy mu 2023 a DoDMA ankayendetsanso zinthu m'ma cluster momwemu. Kusiyana kwake ndi kwakuti kwathu kuno boma ndi limodzi ndipo mseu ukaduka waduka ndi madzi, pomwe ku Kivu mseu umadulidwa ndi anthu a mfuti ndipo boma lomwelo lili mbali imodzi ya nkhondoyo.

Chomwe ndikufuna muchimvetse kwambiri si cluster ayi, ndi zone de santé, kutanthauza dera la zaumoyo. Congo yonse inagawidwa m'ma zone opitirira 500, iliyonse imayenera kukhala ndi chipatala chachikulu chotumizako odwala, ofesi yake yomwe amaitcha BCZ, ndi dotolo woyang'anira, médecin chef de zone, anthu amangoti MCZ. Pansi pake pali zipatala zing'onozing'ono zomwe amayendetsa namwino wamkulu, infirmier titulaire kapena IT, ndipo m'midzi muli ma relais communautaires omwe ntchito yawo ikufanana pang'ono ndi ya ma HSA athu koma iwowa ndi ongodzipereka. Pamwamba pa ma zone pali DPS, ofesi ya zaumoyo ya chigawo chonse. Anthu amenewa analipo bungwe lanu lisanabwere, ndipo project yanu ikadzatha patatha miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka adzakhalapobe, ambiri mwa iwo malipiro a boma salandira kapena amalandira kachepe kwambiri, chipatala chimayenda ndi ndalama zomwe odwala amalipira pa khomo. Nde bungwe lomwe lafika ndi ma Land Cruiser n'kuyamba mobile clinic osadutsa kwa MCZ, ngakhale litakhala ndi mankhwala abwino chotani, likuphwanya chinthu chokhacho chomwe chidzatsale.

Tsopano msonkhano wa cluster weniweniwo. Mukalowa mukapeza anthu a unduna kutsogolo, wa WHO pambali pawo, ma NGO akunja ndi a m'dzikomo atakhala ndi ma laptop, chilankhulo ndi French. Amayamba ndi manambala a matenda a sabata imeneyo, kolera angati ku zone yakuti, chikuku angati, mpox angati, kenako za chitetezo ndi anthu omwe athawa kumene, kenako pamabwera tebulo lomwe amalitcha 4W, kutanthauza ndani akuchita chiyani, kuti, ndipo mpaka liti. Ndi Excel wamba, mzere uliwonse chipatala chimodzi. Koma phunzirani kuliwerenga ndi diso lokayikira, chifukwa mukaona pa mzere wa chipatala chakuti palembedwa dzina la bungwe mumaganiza kuti pamenepo zatheka, pomwe mukafunsitsa mupeza kuti bungwelo limangopereka chiponde kwa ana onyentchera, kapena linasiyapo makatoni a mankhwala miyezi itatu yapitayo ndipo silinabwererenso chifukwa mseu uli m'manja mwa zigawenga, mayi wovutika pobereka palibe womutengera ku opaleshoni, magazi kulibe, firiji ya katemera inafa kalekale. Pa tebulo chipatalacho chili ndi mwini, nde palibe bungwe lina lomwe lipitako. Ine ndimaona kuti bodza laling'ono limeneli, lolemba kuti tilipo pomwe mulipo theka, limapha anthu ambiri kuposa kusowa kwa ndalama, ndipo mabungwe amalinena dala chifukwa donor akufuna aone mbendera zambiri pa mapu. Zili ngati pa maliro aliyense wabwera ndi ufa, nkhuni palibe wabweretsa, ndipo onse akauza amfumu kuti tathandiza.

Cholembanso chofunika pa tebulopo ndi tsiku lothera project. Bungwe labwino limanena miyezi iwiri kapena itatu isanakwane kuti ndalama zathu zikutha mu June, wina akonzeke kulowa. Loipa limangozimiririka. Malamulo a cluster amati WHO ndi amene ayenera kutseka dzenje ngati palibe wina aliyense, koma mawuwo ali ndi mchira wakuti ngati ndalama zilipo komanso ngati malowo akufikika, nde musawadalire kwambiri.

Nkhani yomwe imayambanitsa mabungwe kuposa ina iliyonse ndi ma prime, ndalama zowonjezera zomwe amapatsa ogwira ntchito pa chipatala cha boma. Tiyerekeze zipatala ziwiri zili pa mseu umodzi, bungwe lina likupatsa namwino ndalama zokwera ndipo odwala onse akulandira chithandizo chaulere, pa chinacho bungwe likupereka theka la ndalamazo ndipo chaulere ndi cha ana osakwana zaka zisanu ndi amayi oyembekezera okha. Pasanathe mwezi anamwino a pachiwiri aja ayamba kudwaladwala kapena kupempha transfer, odwala onse akhamukira pa choyamba, mankhwala omwe anawerengera miyezi itatu atha m'masabata ochepa, ndipo chipatala chachitatu chomwe chilibe bungwe chatsala chopanda odwala olipira nde IT wake alibe ndi ya sopo yomwe. Palibe amene anali ndi cholinga choipa apa. N'chifukwa chake cluster ndi DPS amayesetsa kuti pakhale mlingo umodzi wa ma prime komanso mndandanda umodzi wa chithandizo chomwe chipatala chilichonse chothandizidwa chiyenera kupereka, ndipo inuyo akakakuuzani kuti mlingo ndi uwu musamakwezere anthu anu mwamseri poganiza kuti mukuwachitira chifundo.

Ngati mukufuna kuona momwe zinthu zimasokonekerera ngakhale ndalama zili mbwee, onani Ebola ya ku North Kivu ndi Ituri. Anailengeza pa 1 August 2018, inayambira cha ku Mangina n'kufalikira ku Beni, Butembo ndi Katwa, inatha pa 25 June 2020 itapha anthu pafupifupi 2,300 mwa odwala pafupifupi 3,500. Zida zinalipo zomwe ku West Africa mu 2014 analibe, katemera anabaya anthu opitirira 300,000, ndipo mu 2019 kafukufuku anapeza mankhwala awiri omwe amachepetsa imfa ngati wodwala wafika msanga. Koma mliriwo unatenga pafupifupi zaka ziwiri. Chifukwa chachikulu n'chakuti ntchito ya Ebola, yomwe ankaitcha Riposte, anaimanga payokha pambali pa ma zone ndi pambali pa cluster, ili ndi magalimoto ake, malipiro ake okwera, mabwana ake ochokera ku Kinshasa ndi kunja omwe ambiri Kinande, chilankhulo cha m'deralo, sankachidziwa. Anthu a ku Beni anali akuphedwa ndi zigawenga za ADF kuyambira 2014 popanda wowalabadira, ana awo akufa ndi malungo, nde mwadzidzidzi aona magalimoto oyera mazanamazana abwerera matenda amodzi okha, eti mukanakhala inu mukanaganiza chiyani? Anayamba kunena za "Ebola business". Kenako mu December 2018 boma linati anthu a ku Beni ndi Butembo savota nawo pa chisankho cha pulezidenti ati chifukwa cha Ebola ndi chitetezo, madera omwe amadziwika kuti ndi a otsutsa, basi pamenepo matendawo anasanduka ndale. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2019 anapeza kuti munthu mmodzi mwa anayi alionse omwe anafunsidwa ku Beni ndi Butembo sankakhulupirira kuti Ebola iliko.

Zotsatira zake mu February 2019 malo ochizira Ebola a MSF, bungwe la madotolo opanda malire, ku Katwa ndi ku Butembo anaukiridwa n'kuotchedwa ndipo MSF inachokako, mu April dotolo wa WHO wa ku Cameroon, Richard Mouzoko, anaphedwa pa chipatala ku Butembo, ndipo chaka chimenecho ziwembu zochitira zipatala ndi ogwira ntchito zaumoyo zinapitirira 300. Magulu ena anayamba kuyenda ndi apolisi ndi asilikali ngakhale pokaika maliro, zomwe zinangowonjezera mkwiyo, munthu wataya m'bale wake akuletsedwa kusambitsa mtembo ndipo pakhomo paima wa mfuti. Utsogoleri nawo unkasinthasintha, mu May 2019 UN inasankha David Gressly kuti agwirizanitse mbali ya UN, mu July Pulezidenti Félix Tshisekedi anachotsa ntchitoyo m'manja mwa nduna ya zaumoyo n'kuipereka kwa katswiri wa Ebola Jean-Jacques Muyembe, ndunayo Oly Ilunga n'kutula pansi udindo. Zinthu zinayamba kusintha pamene anayamba kulemba ntchito anthu a m'deralo, kugwiritsa ntchito zipatala zomwe anthu anazizolowera kale, komanso kumva madandaulo omwe odzipereka a Red Cross ankatolera khomo ndi khomo.

Ndipo nthawi yomweyo chikuku chinali chikupha ana m'zigawo zonse 26 za dzikolo, pofika January 2020 imfa zinali zitapitirira 6,000, kuposa kawiri za Ebola, matenda omwe katemera wake ndi wotchipa ndipo ife timabaya ku sikelo tsiku lililonse. Ndalama za chikuku zinali zochepa zedi poyerekeza. Apa nde pamene cluster imayenera kukhala ndi mano, kuimirira n'kunena kuti matenda omwe akuopsa maiko olemera si okhawo omwe akupha anthu kuno, koma poti ndalama za Ebola zinkadutsa njira yawoyawo mawu a cluster sanapite patali.

Palinso chonyansa china cha nthawi imeneyo chomwe muyenera kuchidziwa chifukwa akakusainitsani mapepala ake. Komiti yoima payokha inatulutsa lipoti mu September 2021 lonena za amayi ndi atsikana omwe ankauzidwa kuti agone ndi munthu kuti alembedwe ntchito ya Ebola, inapeza anthu 83 oganiziridwa, 21 mwa iwo ogwira ntchito ku WHO. Kumalo komwe ntchito ya tsiku limodzi ndi moyo wa banja lonse, inu wolemba mayina a aganyu, ma casual, muli ndi mphamvu zoopsa, ndipo njira yokanenera mnzanu amene akuchita zimenezi muidziwe sabata yoyamba.

Mwatchula MSF ndi Red Cross. Awa mukawaona ku msonkhano koma amakhala ngati ongoonerera, MSF ndi ICRC, nthambi ya Red Cross yogwira m'malo a nkhondo, sali pansi pa cluster ndipo amachita dala. Chifukwa chake n'chakuti UN ku Congo ili ndi asilikali, MONUSCO, ndipo mkati mwake muli gulu lomwe linapatsidwa mphamvu zomenya nkhondo mu 2013 momwe asilikali athu a MDF analowa pamodzi ndi a South Africa ndi Tanzania. Wa zigawenga akaona galimoto yoyera sasiyanitsa kuti iyi ndi ya katemera iyi ndi ya asilikali, nde mabungwe awiriwa amafuna azikambirana okha ndi mbali zonse, azidutsa ma roadblock ndi dzina lawo, ndi kuchiza wovulala aliyense kaya ndi msilikali wa boma kaya wa M23, gulu la zigawenga lomwe likumenyana ndi boma. Ena amawanena kuti ndi odzikonda, ndipo nthawi zina amatopetsadi pa nkhani yogawana ma data, koma nthawi yomwe Goma, likulu la North Kivu, inkagwa m'manja mwa M23 mu January 2025 ovulala mazanamazana anathamangira ku chipatala cha CBCA Ndosho komwe kuli madotolo a opaleshoni a ICRC ndi ku Kyeshero komwe kuli MSF. Kwa inu phunziro lake ndi ili, mukakumana ndi asilikali a kwathu mtima udzafuna kucheza Chichewa, kukwera nawo galimoto, kujambulitsa. Moni apatseni koma galimoto yawo musakwere ndipo chithunzi chisapite pa Facebook, chifukwa mawa mukadutsa pa roadblock wina adzatsegula foni yanu. Kuyenda ndi operekeza a mfuti ndi chinthu chomaliza pamene njira zonse zakanika, ndipo sasankha ndinu, amasankha akuluakulu a bungwe mogwirizana ndi OCHA popeza bungwe limodzi likayamba onse amaoneka chimodzimodzi.

Kuchokera pomwe M23 inalanda Goma mu January 2025 ndi Bukavu mu February, kugwirizanitsa ntchito kunavuta kawiri. Bwalo la ndege la Goma linatsekedwa, mabanki anatseka, nyumba zosungira katundu za mabungwe zinabedwa, misasa ikuluikulu yozungulira mzindawo ngati Bulengo inaphwasuka anthu n'kubalalikira kumidzi komwe zipatala zinali zitaonongeka, odwala mpox ambiri anathawa m'malo owachizira. Dongosolo lonse lomwe linamangidwa poganiza za misasa linayenera kutembenuka kutsata anthu kumidzi. Komanso mumapezeka kuti chilolezo cha mankhwala ndi malipoti zikupita ku unduna wa ku Kinshasa pomwe woyendetsa mzinda womwe mukugwiramo ndi wina, ndipo mbali iliyonse ikuyang'ana ngati mukukondera inzake. Pamwamba pa izo America, yomwe mu 2024 inkapereka pafupifupi 70 peresenti ya ndalama za chithandizo chadzidzidzi ku Congo, inadula thandizo lake kumayambiriro kwa 2025 komweko. Nde misonkhano yambiri masiku ano si yogawana malo atsopano ayi, ndi yosankha chipatala choti chisiyidwe, ndipo pamenepa mpamene tebulo loona limafunika kwambiri chifukwa ndalama za thumba la pamodzi, DRC Humanitarian Fund ndi CERF, thumba la UN la zadzidzidzi, amazigawa potengera zomwe cluster yanena kuti ndi zofunika koyamba.

Mbali yanu inu monga clinical officer ili pa zinthu zing'onozing'ono zomwe dongosolo lonseli limadya. Lipoti la sabata la matenda lizipita ku BCZ pa tsiku lake ngakhale mulibe wodwala ndi mmodzi yemwe, zero nayenso ndi uthenga, ndipo munthu wamkulu mmodzi wotsegula m'mimba madzi okhaokha kapena mwana mmodzi wa zidzolo ndi kutentha thupi musadikire Lolemba, imbani tsiku lomwelo. Gwiritsani ntchito matanthauzo a matenda ndi ma protocol a unduna wa Congo osati omwe munazolowera kwathu, apo ayi manambala anu sangaphatikizidwe ndi a ena. Kolera ikabuka musaiwale kuti inu mumangochiza, oimitsa mliri ndi anzanu a madzi ndi zimbudzi omwe ali ku cluster ina, mlingo wake ndi malita 15 a madzi pa munthu pa tsiku ndi chimbudzi chimodzi pa anthu 20, nde nambala ya foni ya munthu wa WASH, wa madzi ndi zimbudzi uja, wa m'dera lanu ikhale pamwamba. Ndipo dziwani pamtima komwe mungatumize mayi wofunika opaleshoni usiku, ndani alipira njinga yamoto, ndani alipira bilu ya kuchipatala chachikulu, chifukwa mabungwe ambiri amalipira chithandizo cha pa chipatala chaching'ono n'kuiwala kuti wodwala akatumizidwa akapeza kasha pa khomo.

Za amayi ogwiriridwa konzekani mtima, ndi ambiri kuposa momwe mukuganizira, MSF yokha inathandiza opitirira 25,000 ku Congo mu 2023 ndipo ochuluka anali a m'misasa ya ku Goma. PEP, mankhwala oteteza ku HIV, imagwira mkati mwa maola 72, mapiritsi oletsa mimba mkati mwa maola 120, nde ma kit amenewa asamathe pa shelefu ndipo akatsala ochepa nenani ku cluster msanga, UNFPA ndi omwe amatsogolera mbali imeneyo. Mayina a amayiwa sapita mu lipoti lililonse kapena pa gulu la WhatsApp, ngakhale wofunsayo akhale bwana wochokera ku likulu.

Nde pa funso lakuti muzimvera ndani, pa za chitetezo ndi mayendedwe mverani bungwe lanu basi, akati lero sitituluka musatsutse ngakhale mukudziwa kuti odwala akudikira. Pa za kachizidwe ndi malipoti tsatirani unduna kudzera kwa MCZ ndi IT wa pa chipatala chomwe mwaikidwa, ndipo IT ameneyo mumulemekeze ngati mwini nyumba ngakhale mutaona kuti maphunziro mumamuposa, iye ndi amene akudziwa kuti mfumu ya gulu la mfuti la kuphiri uko mkazi wake anachirira pomwepo ndipo ndi ndani angamuimbire ambulansi isanadutse. Cluster mwina simudzapitako n'komwe, amapita ndi medical coordinator wanu, koma zomwe akanene kumeneko zichokera m'kaundula wanu, nde akakufunsani ngati chipatala chakuti tikuchithandiza muuzeni zenizeni, kuti timapitako kamodzi pa mwezi ndipo oxytocin kulibe.

French yambani lero pa foni, yokwanira kulemba lipoti ndi kumva msonkhano. Odwala ambiri mukalankhula nawo Chiswahili cha ku Congo, chomwe kwa munthu wa Chichewa sichitenga nthawi kuchigwira, ku Beni ndi Butembo mukamvanso Kinande, ku Rutshuru ndi Masisi Kinyarwanda ndi Kihunde. Khadi la katemera wa yellow fever mukhale nalo, pa boda amalifuna, ndipo mufunse bungwelo musanasaine kuti mukavulala kapena kudwala kwambiri akakutulutsani bwanji ndi kukutengerani kuti.